Khoma Lakumpoto

Ku Bergen kuno sitiwerenga masiku a mvula,
timawerenga maola amene yaiwala kugwa.
Lachiwiri inaiwala kuyambira m'mamawa,
ndiye ndinapeza bambo anga, a Oddvar,
ali pamwamba pa makwerero,
chitini cha penti chili lendelende pa mbedza,
akupaka khoma lakumpoto
limene dzuwa silinalipatsepo moni chimangire nyumbayi.

Ndinati, Bambo, matabwawo ndi onyowa,
tagwirani nokha mumve.
Anaika chikhatho pakhoma
ngati akumva kutentha thupi kwa mwana,
nati, Auma mokwanira,
burashi n'kupitiriza ulendo wake.

Awa ndi munthu amene anapenta maboti padoko zaka makumi anayi.
Ndi iwo anandiphunzitsa ndili kamtsikana
kuti thabwa limamwa ngati munthu,
likakhuta madzi silifunanso kanthu,
ukalikakamiza penti limakubwezera matuza.
Ankanunkhiza mphepo yochokera kunyanja
n'kutseka chitini mtambo usanaoneke.

Leveni koloko isanakwane kunayamba kuwaza.
Kenaka inabwera yeniyeniyo.
Penti woyera anatsetsereka mizeremizere,
kudutsa pansi pa zenera lakukhitchini,
kudonthera pa maluwa a malemu amayi,
kulowa m'ngalande ya miyala
n'kutsika msewu wathu wonse wa m'phirimu,
mpaka a Gunnvor a nyumba yachitatu anasuzumira pakhomo
kufunsa kuti wataya mkaka wonsewu ndani.

Wojambula wa kampani yogulitsa nyumba
amayenera kubwera Lachisanu.
Ndinamuimbira. Anati chabwino, sabata yamawa.
Aka kanali kachitatu.
Chipinda cha bambo kunyumba yosungira okalamba
chakhala chikudikira chiyambire Epulo,
bedi loyalayala, zenera loyang'ana poimika magalimoto,
makoma opentedwa kale ndi anthu osawadziwa,
ouma gwa.

Pofika Lachinayi khoma linatupa.
Matuza ngati a m'manja mwa wopalasa bwato,
ukaboola ndi chikhadabo mukutuluka madzi ozizira.
Tinatenga zopalira, iwo m'munsi, ine m'mwamba,
chipepala cha pulasitiki chikukupiza pamitu pathu.
Pansi pa woyera panatuluka wachikasu
wa chaka chimene ndinakwatiwa,
pansi pa wachikasu wobiriwira uja amayi ankadana naye,
ndipo pansi penipeni thabwa lakuda,
lonunkha nkhungu ndi mchere.

Apo m'pamene ndinaona kawailesi kawo pa sitepe,
kokutidwa ndi jumbo,
kakulengeza zanyengo motsitsa mawu.
Amakamvera m'mawa uliwonse. Sanaphonyepo.
Ola limene mvula ifike amalidziwa
monga ankadziwira ola lofika sitima,
ndipo chitini amatsegula patatsala maola awiri.

Sindinanene kanthu.
Ndinangopala, kupala, mpaka dzanja linachita dzanzi.
Anandithirira khofi wa m'fulasiki,
madontho akugwera m'kapu momwemo,
nati, Ragnhild mwana wanga,
ntchito iyi si ya chaka chino.
Khoma lotere limafuna masiku atatu ouma otsatizana,
ndipo masiku atatu otere kuno
ndinawaonapo kamodzi, iwe usanabadwe.

Anaseka okha, osandiyang'ana.
Ine ndinayang'ana manja awo,
penti atalowa m'ming'alu ya zala,
akunjenjemera pang'ono pogwira kapu.
Kumunsi sitima ya masana inalira m'nkhungu,
sitinaione.

Wailesi inati Loweruka kudzawala mpaka masana,
kenaka mvula yamphamvu yochokera kumadzulo.
Ndinafunsa kuti penti watsala wochuluka bwanji.
Anati chitini chimodzi ndi theka.
Ndinati ndidzabwera ndi burashi yanga,
cha m'ma teni.